Kukhwimitsa thanki ya makorali

Kukhwimitsa thanki ya makorali ndi ntchito yokonza thanki yatsopano ya madzi amchere kuti ithe kusunga nsomba, makorali ndi zamoyo zina za m'nyanja zikuluzikulu popanda zamoyozo kufa ndi zonyansa zawo zomwe. Pachingerezi ntchitoyi amaitchula kuti cycling, chifukwa imatsatira mmene naitirojeni amazungulirira m'chilengedwe. Kawirikawiri imatenga masabata 4 mpaka 6, ndipo nthawi yonseyi m'thankimo mumangokhala madzi, miyala ndi mchenga. Chimene chimawetedwa poyamba ndi mabakiteriya. Nsomba ndi makorali zimabwera pambuyo, pang'onopang'ono, molingana ndi kuchuluka kwa zonyansa zimene mabakiteriyawo angathe kuthana nazo.

Amoniya ndi tizamoyo tomwe timamudya

Nsomba imatulutsa amoniya kudzera m'makha ake usana ndi usiku. Ndowe zake, chakudya chotsala, ndiponso kanthu kalikonse kofera pakati pa miyala zikawola zimasandukanso amoniya. M'nyanja amoniyayu amasungunuka m'madzi ochuluka n'kugwiritsidwa ntchito ndi ndere ndi tizamoyo tina, koma m'thanki ya malita 200 alibe kopita. Akachuluka amawononga makha ndi ubongo wa nsomba, ndipo nsombayo imayamba kupuma mwawefuwefu, kukana chakudya, kenako kufa.

M'madzi amchere vutoli limakula msanga chifukwa cha pH. Amoniya amakhala m'madzi m'mitundu iwiri: NH3, amene ndi poizoni, ndi NH4+, amene savulaza kwenikweni. pH ikakwera ndi sitepe imodzi, gawo la NH3 limachuluka pafupifupi kakhumi. Madzi a thanki ya makorali amakhala ndi pH yapakati pa 8.0 ndi 8.3, choncho mlingo wa amoniya umene nsomba ingapirire m'madzi a pH 7 ukhoza kuipha m'madzi amchere.

Amene amachotsa amoniyayu ndi magulu awiri a tizamoyo tosaoneka ndi maso. Gulu loyamba limasandutsa amoniya kukhala nitrite, ndipo lachiwiri limasandutsa nitrite kukhala nitrate, amene nsomba zimatha kupirira pa mlingo wokwererapo ndithu. Magulu onsewa amafuna okosijeni. Wasayansi Sergei Winogradsky ndiye anazindikira mabakiteriya ogwira ntchitoyi cha m'ma 1890, ndipo kwa zaka zambiri mabuku a oweta nsomba ankangotchula mayina awiri, Nitrosomonas ndi Nitrobacter. Zinadzapezeka kuti nkhaniyi si yophweka choncho. Mu 1998 Timothy Hovanec ndi anzake anasonyeza kuti m'mathanki a madzi opanda mchere amene amadya nitrite kwenikweni ndi Nitrospira. Mu 2005 ofufuza anapatula kachamoyo kena kodya amoniya kuchokera m'thanki ya madzi amchere ya ku Seattle Aquarium ku America, n'kukatcha Nitrosopumilus maritimus. Kachamoyoka si bakiteriya n'komwe, kali m'gulu la archaea, ndipo achibale ake ndi ochuluka kwambiri m'nyanja za dziko lapansi. Oweta nsomba amangoti "mabakiteriya" pofuna kutchula tizamoyo tonseti.

Zinthu ziwiri zokhudza tizamoyoti ndi zimene zimalamulira ntchito yonse. Choyamba n'chakuti timaswana mochedwa. Bakiteriya wa E. coli akapeza malo abwino amagawikana pakatha mphindi 20 zilizonse, pamene odya amoniya ndi nitrite amatenga maola ambiri, nthawi zina tsiku lathunthu kapena kuposa. Chachiwiri n'chakuti sitikhala moyandama m'madzi. Timamatirira pa miyala, pa mchenga, pa galasi ndi m'sefa. N'chifukwa chake kutunga madzi m'thanki yakale n'kuthira m'yatsopano sikuthandiza kwenikweni, pamene mwala umodzi kapena siponji ya m'sefa yochokera m'thanki yomweyo imafupikitsa ntchito ndi masabata.

Pa nitrite pali kusiyana kumene ambiri sakudziwa. Oweta mbuna za m'nyanja ya Malawi, zomwe zimasungidwa m'mathanki m'mayiko ambiri, amakhwimitsa mathanki awo m'njira yomweyi, ndipo kwa iwo nitrite ndi woopsa kwambiri chifukwa amalowa m'magazi n'kuwalepheretsa kunyamula okosijeni. M'madzi amchere muli chloride wambiri amene amalimbirana khomo ndi nitrite pa makha a nsomba, motero nitrite amalowa wochepa. Kwa woweta nsomba za m'madzi amchere, kuyeza nitrite kumathandiza makamaka kudziwa pamene ntchito yafika.

Madzi, miyala ndi mchenga

Madzi amapangidwa posungunula mchere wapadera wa mathanki m'madzi osefedwa ndi makina a RO/DI. Mchere wa pandiwo sungalowe m'malo mwake, chifukwa mulibe calcium, magnesium ndi zinthu zina zimene makorali amamangira mafupa awo. Madzi a pampopi nawo amakhala ndi chlorine kapena chloramine, komanso nthawi zina phosphate, silicate ndi kopa. Mlingo wofunika ndi wa nyanja yeniyeni: magalamu 35 a mchere pa kilogalamu imodzi ya madzi, umene pa chipangizo choyezera umaoneka ngati 1.026, ndi kutentha kwa madigiri 24 mpaka 26. Madzi akamaphwera mchere umatsalira, choncho owonjezera amayenera kukhala opanda mchere.

Miyala ndiyo sefa yaikulu ya thanki yotere. Njira yodalira miyala, nyali zamphamvu ndi makina ochotsa zonyansa ndi thovu, otchedwa protein skimmer, inafala kuchokera kwa oweta a ku Berlin m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980, ndipo mpaka lero imatchedwa njira ya Berlin. Mwala wa korali uli ndi timabowo tambirimbiri. Kunja kwake, kumene kuli okosijeni, kumakhala odya amoniya ndi nitrite. Mkati mwenimweni, mmene okosijeni ndi wochepa, mabakiteriya ena amasandutsa gawo la nitrate kukhala mpweya wa naitirojeni umene umatuluka m'madzi.

Kale pafupifupi aliyense ankagwiritsa ntchito "miyala yamoyo" yotengedwa m'nyanja, makamaka ku Fiji, Tonga ndi Indonesia. Miyalayi inkabwera ndi mabakiteriya kale, pamodzi ndi masiponji, nyongolotsi ndi tinkhanu, ndipo zina mwa izi zinkafa pa ulendo n'kupereka amoniya woyambira. Inkabweretsanso alendo osaitanidwa monga Aiptasia, kachamoyo koluma makorali kamene kamavuta kukathetsa. Malamulo oteteza matanthwe a m'nyanja atakhwima, ambiri anatembenukira ku miyala youma yokumbidwa pamtunda kapena youmbidwa m'fakitale. Imeneyi ilibe tizilombo, komanso ilibe moyo uliwonse, ndipo thanki yoyambitsidwa nayo imachedwa kukhazikika.

Mmene ntchito imayendera

Mabakiteriya sangaswane popanda chakudya, choncho woweta amaika amoniya dala. Njira yolondola kwambiri ndi kuthira ammonium chloride mpaka mlingo ufike mamiligalamu 2 pa lita imodzi. Ena amaponyamo kachidutswa ka shirimpi yaiwisi kuti kawole, njira imene imagwira ntchito koma imanunkha ndipo mlingo wake sudziwika. Kale anthu ankaikamo nsomba zolimba za mtundu wa damselfish kuti zikhale gwero la amoniya. Njirayi ambiri anaisiya, ndipo anachita bwino: nsombayo imazunzika kwa masabata, ndipo ikapulumuka imakhala italanda thanki yonse n'kumathamangitsa nsomba iliyonse yobwera pambuyo pake. Kuigwira pakati pa miyala ndi ntchito ina yapayokha.

Mabakiteriya ogulitsidwa m'mabotolo amatha kufupikitsa nthawi ngati anasungidwa bwino, osaundana kapena kutenthedwa. Pampu ndi hita zimakhala zoyaka, koma nyali ambiri amazisiya zozima kuti ndere zisapezerepo mwayi.

Madzi amayezedwa masiku awiri kapena atatu alionse. Amoniya amakhala pamwamba kwa sabata imodzi kapena awiri, kenako amatsika pamene nitrite akukwera. Gulu lachiwiri silingachuluke mpaka loyamba litalipangira chakudya, motero gawo la nitrite ndi limene limachedwa ndiponso kutopetsa anthu. Nitrite akayamba kutsika, nitrate amaoneka. Thanki imayesedwa yokhwima ngati amoniya wothiridwa kachiwiri watheratu pakatha maola 24. Pamenepo woweta amasintha gawo la madzi kuti atsitse nitrate. Kuyera kwa madzi sikutanthauza kanthu pa nkhaniyi, chifukwa amoniya alibe mtundu: madzi oyera mbee a tsiku lachitatu akhoza kupha nsomba.

Nyali zikayatsidwa, thanki imalowa nyengo yosaoneka bwino. Mchenga ndi galasi zimakutidwa ndi fumbi lofiirira la ndere zotchedwa diatoms, zimene zimadya silicate ndipo zimazimiririka zokha akatha. Pambuyo pake pamatha kubwera ndere zobiriwira zonga tsitsi, kapena utoto wofiira wonanda wa cyanobacteria. Izi zimachitika chifukwa miyala idakali yopanda mwini, ndipo chimene chimakula msanga ndicho chimayamba kuilanda. Timadontho tapinki ndi tapepo ta ndere zolimba za coralline tikayamba kuoneka pa miyala, ndiye kuti thanki ikukhazikika.

Kuikamo zamoyo

Mabakiteriya amachuluka molingana ndi chakudya chimene akupeza. Thanki yokhwima ndi yokonzeka kulandira nsomba imodzi kapena ziwiri, osati khumi. Nsomba iliyonse yowonjezera imafuna kuti mabakiteriya awonjezekenso, ndiye oweta amasiya masabata awiri kapena kuposerapo pakati pa gulu lina ndi linzake, akuyeza amoniya.

Nkhono za mitundu ya Trochus, Astraea ndi Nassarius zimaikidwa ndere zikayamba kuoneka. Zikaikidwa zambiri m'thanki yopanda chakudya zimafa ndi njala n'kuipitsa madzi omwe zinayenera kuyeretsa. Nkhanu zokhala m'zigoba za nkhono zimathandizanso, koma zimapha nkhono kuti zilande chigoba ngati palibe zigoba zina zopanda kanthu.

Pa nsomba, zofatsa zimalowa poyamba ndipo zolusa zimalowa pomaliza. Amphiprion ocellaris, nsomba yaolenji ya mizere yoyera imene inatchuka ndi filimu ya Finding Nemo mu 2003, ndi imene ambiri amayambira, ndipo zambiri zogulitsidwa masiku ano zimaswedwera m'mathanki. Zimenezi n'zofunika, chifukwa mitundu yambiri ya nsomba za m'matanthwe imagwidwabe m'nyanja, ndipo m'madera ena a Philippines ndi Indonesia asodzi ena amagwiritsa ntchito cyanide, amene amakomola nsomba n'kupha makorali ozungulira, ngakhale kuti malamulo amaletsa. Paracanthurus hepatus, nsomba yabuluu ya mufilimu yomweyo, inayamba kuswedwera m'thanki mu 2016 ku University of Florida. Imakula kupitirira masentimita 25 ndipo imasambira mtunda wautali, choncho siyenera thanki yaing'ono. Synchiropus splendidus, yokongola ngati nsalu, imadya tizamoyo ting'onoting'ono ta pamiyala tsiku lonse, ndipo m'thanki yatsopano imangowonda mpaka kufa.

Nsomba yatsopano imayenera kuyamba yakhala m'thanki ina yapadera kwa mwezi umodzi kapena kuposa. Matenda awiri ofala, a timadontho toyera oyambitsidwa ndi Cryptocaryon irritans ndi a Amyloodinium ocellatum amene amapha m'masiku ochepa, amachizidwa ndi mankhwala a kopa. Kopa amapha makorali, nkhono ndi nkhanu, ndiponso amalowerera m'miyala, motero sangathiridwe m'thanki yaikulu. Matenda akalowamo, nsomba zonse zimatulutsidwa ndipo thanki imakhala yopanda nsomba kwa masabata pafupifupi 11 kuti tiziromboto tife posowa pokhala.

Makorali satulutsa zonyansa zambiri ngati nsomba, koma sapirira kusinthasintha kwa madzi. Ambiri mwa iwo amadalira ndere zokhala m'minofu yawo, zotchedwa zooxanthellae, zimene zimawapangira chakudya ndi kuwala. Ofewa monga Zoanthus, Discosoma ndi Sarcophyton ndiwo oyamba. Amafupa okhala ndi minofu ikuluikulu, monga Euphyllia, amatsatira. Acropora amadikira miyezi yambiri, mpaka woweta atatha kusunga calcium pa mamiligalamu 400 mpaka 450 pa lita, magnesium pafupi ndi 1,300, ndi alkalinity yosadumphadumpha pakati pa 7 ndi 11 dKH. Ma anemone nawo amadikira miyezi 6 mpaka chaka, chifukwa akapanda kukhutira amayendayenda, kuluma makorali, nthawi zina n'kukokedwa ndi pampu. Makorali onse amafupa ali pa ndandanda yachiwiri ya pangano la CITES, kutanthauza kuti kuwatumiza kunja kwa dziko kumafuna chilolezo. Ochuluka amene oweta amagulitsana ndi tizidutswa todulidwa ku makorali okulira m'mathanki.

Makorali ena ofewa, makamaka a mtundu wa Palythoa, ali ndi palytoxin, mmodzi mwa mapoizoni amphamvu kwambiri odziwika m'chilengedwe. Amalowa kudzera pa bala, m'maso kapena popuma. Anthu a m'nyumba imodzi akhala akugonekedwa m'chipatala wina atathira madzi otentha pa mwala kapena kuukwecha pofuna kuchotsa makoraliwa, poizoniyo n'kufalikira mumpweya. Wogwira miyala yotere amavala magolovesi ndi magalasi oteteza maso, ndipo mwala wa m'thanki suwiritsidwa.