Kompyuta ikamayesa madzi a mtsinje

Mu Janeiro 2022, cimphepo ca Ana cinabweretsa mvula yambiri m'cigawo ca Tete. Mtsinje wa Revúbuè unasefukira ndipo unaononga mlatho wa pakati pa Tete ndi Moatize. Anthu a ku Tsangano ndi ku Angónia anavutika kufika ku Tete. Madzi ambiri a mtsinjewu amacokera kumapiri a kwathu kuno.

Mainjiniya asanamange mlatho, amafuna kudziwa kuti madzi akadzaculuka adzafika pati, nanga adzathamanga bwanji. Masiku ano amayesa zimenezi pa kompyuta. Tiyeni tione mmene amacitira.

Coyamba, amajambula gawo la mtsinje limene akufuna kuyesa. Kenako amaligawa m'timagawo ting'onoting'ono tambirimbiri, tooneka ngati maso a ukonde. Kompyuta imawerengera madzi olowa ndi otuluka m'diso lililonse. Pafupi ndi zipilala za mlatho amacepetsa masowo, cifukwa pamenepo madzi amazungulira kwambiri.

Koma ukonde wokha sukwanira. Kompyuta sidziwa mtsinje. Sidziwa kumtunda, sidziwa kumunsi. Munthu ndiye ayenera kuiuza za malire.

Ganizani za ngalande ya kudimba kwanu yothirira mbatatesi. Ili ndi pamene madzi amalowera. Ili ndi pamene amatulukira. Ili ndi pansi ndi m'mbali, pamene madzi sadutsa. Pamwamba pali mpweya basi. Ndi cimodzimodzi pa kompyuta. Injiniya amasankha mbali iliyonse ya ukonde n'kuipatsa dzina: polowera, potulukira, khoma, pamwamba. Pa polowera amalemba kuculuka kwa madzi obwera pa sekondi imodzi. Pa potulukira amalemba msinkhu wa madzi. Pa khoma amalemba ngati pali mcenga, miyala kapena udzu, poti zimenezi zimacedwetsa madzi mosiyana.

Nthawi zambiri ukonde umapangidwa m'pulogalamu imodzi, monga Gmsh, koma masamu amacitika m'pulogalamu ina, monga OpenFOAM. Ndiye posamutsa ukondewo, maina a malire ayenera kupita nawo. Zili ngati matumba a mbewu: mukawatumiza osalembapo maina, wolandira adziwa bwanji la cimanga ndi la nyemba? Mapulogalamu ena mbali yopanda dzina amaitenga ngati khoma. Taganizani, potulukira pasanduka khoma! Madzi a m'kompyutamo asowa kopita, ndipo yankho likhala lolakwika. N'cifukwa cake injiniya wosamala amatsegulanso ukondewo n'kuona malire onse, limodzi limodzi, asanayambe masamu.

Mwina mukuti, "Nanga ine zikundikhudza pati?" Zikukukhudzani ndithu. Kuti adziwe ngati yankho la kompyuta ndi loona, mainjiniya amaliyerekeza ndi cigumula cimene cinacitikadi. Apa amafuna anthu okhala m'mphepete mwa mtsinje. Inu mumadziwa mtengo umene madzi anafikapo. Mumadziwa khwawa louma limene limadzaza mvula ikagwa usiku wonse. Khwawa limenelo nalonso ndi polowera madzi, ndipo akaliiwala, masamu awo aperewera.

Tsopano popeza mumatha kulemba, madzi akasefukira lembani tsiku ndi malo m'kope lanu. Akaphwa, ikani cizindikiro pa mtengo kapena pa mwala pamene anafika. Akadzabwera oyeza mtsinje, mudzawaonetse.