Simenti ndi Nyumba za Mafumu a ku Kano

Mumzinda wa Kano, kumpoto kwa dziko la Nigeria, muli nyumba yachifumu yotchedwa Gidan Rumfa. Anaimangitsa ndi mfumu ya Ahausa, Muhammad Rumfa, amene analamulira kuyambira 1463 mpaka 1499. Afulani atalanda mzindawo mu 1807, mafumu awo analoŵa m'nyumba yomweyo, ndipo Angerezi atafika mu 1903 anaipeza ili chiimire. Chodabwitsa n'chakuti zipupa zake zinali zadothi.

Amisiri a Chihausa ankaumba ndi manja njerwa zooneka ngati mapeyala, zotchedwa tubali, naziumitsa padzuŵa. Denga ankaliyala ndi azara, mitanda yong'ambidwa ku mtengo wa mtundu wa mgwalangwa, umene chiswe sichiudya msanga. Kunja ankamata makuba, opangidwa kuchokera ku makoko a zipatso za mtengo wa dorawa, kuti mvula isakokolole chipupa. Nyumba zotere zimakhala zozizira masana, koma zimafuna kumatidwanso kaŵirikaŵiri. Choncho mfumu inkakhala ndi mkulu wa amisiri, Sarkin Magina, ndipo luso linkachoka kwa bambo kupita kwa mwana.

Simenti, malata ndi zitsulo zitafala, ambiri anaganiza kuti ntchito yomata chaka ndi chaka yatha. Anthu anayamba kuliwona dothi ngati chizindikiro cha umphaŵi, ndipo mbali zina za nyumba za mafumu zinamangidwanso ndi konkire. Kwina anangopaka simenti pamwamba pa dothi. Komatu chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Chipupa chadothi chimatulutsa chinyontho chake kukaŵala dzuŵa, pamene simenti imachitsekera m'kati. Simentiyo ikang'aluka, madzi amaloŵa, dothi limafeŵa, ndipo tsiku lina chipupa chimagumuka.

Choopsa koposa n'chakuti mfumu ikasiya kuitana amisiri a dothi, ana awo amaphunzira ntchito zina, ndipo luso limatha ndi nkhalamba.

Boma la Nigeria linakhazikitsa bungwe losamala zinthu zakale mu 1979, ndipo Gidan Makama, nyumba ina ya m'nthaŵi ya Rumfa, ndi yosungiramo zakale. Koma lamulo palokha silimata chipupa. Ofuna kusunga nyumba zimenezi ayenera kuyamba ndi kupatsa amisiri ntchito ndi malipiro, kuti achinyamata aone chifukwa chophunzirira kuumba tubali.