Kompyuta ndi khasu, siilima yokha

Kale, mphunzitsi wa ku Embangweni kapena pa Jenda akafuna digiri ankayenera kusiya ntchito, banja ndi munda n'kukakhala kusukulu zaka zingapo. Lero atha kuphunzira ali pakhomo pake. Sukulu ya ukachenjede ya Mzuzu, yomwe idakhazikitsidwa mu 1997, idayamba kulandira ophunzira otere mu 2011, ndipo ambiri mwa iwo adali aphunzitsi ofuna kukweza maphunziro awo.

Koma makolo amene agulitsa chimanga kapena ng'ombe kuti agulire mwana laputopu ali ndi funso limodzi: kodi makinawa ndiwo adzakhozetse mwana mayeso?

Zomwe zidachitika mu 2020 zikuyankha funsoli. Pa 23 Malichi chaka chimenecho sukulu zonse m'dziko muno zidatsekedwa kaamba ka mliri wa Covid-19, ndipo sukulu zina za ukachenjede zidayesa kuphunzitsa pa intaneti. Apa mpamene padaoneka poyera kuti wophunzira wa m'tauni ndi mnzake wa ku Khosolo kapena ku Mabulabo sali pa mpikisano wofanana.

Choyamba ndi magetsi. Kalembera wa mu 2018 adapeza kuti pa mabanja 100 alionse m'Malawi, 11 okha ndiwo ankaunikira magetsi. Ngakhale pa boma pa Mzimba, pomwe mawaya a Escom adafika kalekale, magetsi si odalirika nthawi zonse. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana adaononga malo opangira magetsi a Kapichira, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130, ndipo kuthimathima kudakula mpaka mu 2023. N'chifukwa chake kasola kapadenga ndi batire yake n'zofunika ngati laputopu yomweyo.

Chachiwiri ndi mtengo wa bandulo ndi mphamvu ya netiweki. M'boma la Mzimba mafoni apamwamba si achilendo, poti ambiri amabwera ndi abale ogwira ntchito ku Joni. Vuto ndi la mayunitsi. Phunziro la kanema la ola limodzi limadya bandulo yambiri kuposa masamba mazanamazana a zolembedwa. Choncho mphunzitsi wodziwa ophunzira ake amatumiza manotsi opepuka ndi mawu ojambula afupiafupi, oti munthu akakopere pomwe pali netiweki, kenaka n'kukawerenga kunyumba popanda intaneti.

Chachitatu, chomwe n'chachikulu pa zonse, ndi mphunzitsi mwini. Sukulu zambiri, kuphatikizapo ya Mzuzu, zimagwiritsa ntchito pologalamu ya Moodle, yomwe adaiyambitsa Martin Dougiamas wa ku Australia mu 2002. Pologalamuyi ndi yaulere. Mphunzitsi amaikapo manotsi, kupereka ntchito, kuchonga komanso kuyankha mafunso. Koma akangoponyapo manotsi n'kusowa mwezi wathunthu, Moodle imasanduka nkhokwe yosungiramo mapepala chabe. Wophunzira amene wafunsa funso Lolemba n'kuyankhidwa Lachiwiri amalimba mtima. Amene wadikira masabata atatu amayamba kuganiza zosiya. Motero sukulu yofuna kuti njirayi iphule kanthu imayamba yaphunzitsa aphunzitsi ake, n'kuwapatsa nthawi yoyankhira ophunzira.

Chachinayi n'chakuti kuonana maso ndi maso sikudathe ntchito. Ophunzira a Mzuni omwe amaphunzira ali kwawo amapitabe kukakumana ndi aphunzitsi awo kwa masiku owerengeka, kulandira malangizo, komanso kukalemba mayeso. Ulendo wodutsa m'nkhalango ya Chikangawa umaboola m'thumba, koma kukumanako n'kumene kumabala magulu owerengera limodzi. Anthu akadziwana nkhope, gulu la WhatsApp limakhala ndi moyo, ndipo wofooka amakokedwa ndi anzake. Paja mutu umodzi susenza denga.

Palinso phunziro lina lomwe lidabwera ndi misozi. Mu Disembala 2015 moto udapsereza laibulale ya Mzuni pamodzi ndi mabuku zikwizikwi. Buku la pepala likapsa lapita, pomwe losungidwa pa intaneti limawerengedwa ndi anthu ambiri nthawi imodzi, wina ali ku Edingeni, wina ku Champhira. Komabe bukulo limathandiza yekhayo amene adaphunzitsidwa kulifufuza. Achinyamata ambiri ochokera m'sukulu za CDSS amayamba kugwira kompyuta atafika kale ku koleji, ndipo kudziwa Facebook sikutanthauza kudziwa kutayipa ntchito ya m'kalasi n'kuitumiza pa nthawi yake.

Ndiye banja lisanatulutse ndalama, lifunse mafunso awa: kodi manotsi amatseguka pa foni? Aphunzitsi amayankha pakatha masiku angati? Ophunzira amakumana kangati, ndipo kuti? Nanga sukuluyo ndi yovomerezeka ndi bungwe la National Council for Higher Education?

Pakhomo napo pali gawo lake. Mayi amene akuphunzira usiku ataweruka kuntchito amafunika wina womulandira mwana ndi mphika. Laputopu igulidwe ndithu, koma ikafika pasasowe magetsi, mayunitsi ndi maola awiri abata tsiku lililonse.