Mnzako akamadandaula, yamba wamva kaye

Kuno ku Glasgow, mwezi wa December dzuwa limalowa 4 koloko isanakwane. Amene ali pa ntchito ya usiku yosamalira okalamba amaweruka kusanayere bwinobwino, ndipo akamadzuka n'kuti kukudanso. Kuwonjezera apo pali nkhawa ya visa, lendi, ndi mafoni a kumudzi okumbutsa za fizi ndi fetereza. N'zosadabwitsa kuti nyengo imeneyi ambiri mwa ife timalemedwa mumtima.

Chomwe ndaona pa macheza athu ndi chakuti wina akangoti “aise, zinthu sizikuyenda,” timamudula pakamwa. Uyu akuti limba mtima, uyo akuti uzithokoza poti ena ku Lilongwe akulakalaka atabwera kuno, winanso wayamba kale kufotokoza mavuto ake. Mwini nkhani uja amangoseka n'kunena kuti “basi tingotero,” koma zomwe amafuna kunena wabwerera nazo kunyumba.

Mbiri ya bungwe la Samaritans, lomwe lili ndi nthambi muno mu Glasgow, imandiphunzitsa kanthu. Analiyambitsa ndi wansembe wa Anglican, Chad Varah, ku London mu 1953, pofuna kuthandiza anthu oganiza zodzipha. Anthu ankadikira pamzere kuti aonane naye, ndipo ena ongodzipereka ankawapatsa tiyi n'kukhala nawo pansi. Varah anazindikira kuti ambiri ankabwerera atapepukidwa asanalowe n'komwe kwa iye, chifukwa apeza wowamvetsera. Mu 1954 ntchitoyi anaisiya m'manja mwa odziperekawo. Mpaka lero sauza munthu chochita. Amafunsa, kenako n'kudikira yankho.

Izitu si zachilendo kwa ife. Kwathu ukapita kukapepesa maliro sulalikira. Umakhala pamphasa pafupi ndi namfedwa, mwina ola lathunthu, mawu ochepa chabe, ndipo iye saiwala kuti unabwera. Chovuta n'chakuti kunja kuno timakumana mwa apo ndi apo, kutchalitchi kapena pa 6 July, ndiye aliyense amafika ndi nkhani zake za miyezi itatu.

Pempho langa ndi laling'ono. Mnzanu akayamba kufotokoza, ikani foni m'thumba. Akakhala chete musathamangire kuyankha, chifukwa nthawi zambiri nkhani yeniyeni imatuluka pambuyo pa kachetechete ameneyo. Mufunseni kuti “ndiye ukugona bwanji masiku ano?” Malangizo asungeni mpaka atawapempha yekha. Ndipo zomwe mwamvazo zisakapezeke pagulu la WhatsApp, poti Amalawi kuno ndife ochepa ndipo nkhani sichedwa kufika ku Ndirande.

Mukaona kuti katunduyo wakulemerani nonse awiri, muuzeni akaonane ndi dokotala wake, kapena aimbe 116 123, nambala ya Samaritans, yomwe ndi yaulere usana ndi usiku. Mutu umodzi susenza denga.