Kukaona Zomba, kumene mafumu anapondako

Wofuna kuona kumene kunkakhala olamulira akale ayambire ku Masongola, nyumba yomwe inamangidwa mu 1886 ndipo munkakhala Sir Harry Johnston. Zomba linali likulu la dziko lino mpaka 1975. State House ili mumzinda womwewu, koma mlendo wamba salowamo.

Ulendo umathera pamwamba pa phiri, pomwe pali Queen's View, pokumbukira kubwera kwa mayi a Mfumukazi Elizabeth II mu 1957, ndi Emperor's View, pomwe anaima Haile Selassie mu 1965. Kukakhala kowala, nyanja ya Chilwa ndi phiri la Mulanje zimaoneka. Nkwabwino kupita mvula ikatha, kulawirira, kutenga chovala chofunda ndi wolondolera njira, pakuti nkhungu ikatsika chigwa chimabisika ndipo munthu sachedwa kusochera.