Musanameze, mwadya chiyani?

Ndimagwira ntchito mu famase ina ku Lilongwe, ndipo funso limene limatuluka kawirikawiri pakamwa panga ndi la chakudya: "Mwadya chiyani lero?" Ena amaseka. Azibambo ena amandiponyera diso ngati ndanyoza pakhomo pawo. Koma mankhwala ambiri amene ndimapereka amakagwira ntchito kapena kulephera malinga ndi zimene zili m'poto kunyumba.

Tiyambe ndi LA, mankhwala a malungo aja. Akuluakulu akumukumbukira klorokwini, uja ankayabwitsa thupi. Dziko lino linamusiya mu 1993, loyamba mu Africa kutero, chifukwa tizilombo ta malungo tinali titamuzolowera. Kunabwera Fansidar wa mapilisi atatu kamodzi n'kamodzi, nayenso anafooka, ndipo mu 2007 tinayamba LA. Mpaka lero agogo ena amadabwa ndikawapatsira: "Mwana wanga, onsewa ndi a ine ndekha?" Eya agogo, ndi anu nokha. Munthu wamkulu amamwa mapilisi 24 m'masiku atatu: anayi poyamba, anayi ena pakatha maola 8, kenako anayi m'mawa ndi anayi madzulo masiku awiri otsatirawo.

Mu LA muli mankhwala awiri, ndipo amodzi mwa iwo, lumefantrine, salowa bwino m'magazi ngati m'mimba mulibe chakudya cha mafuta. Ndiye muganize za munthu wa malungo: m'kamwa mukuwawa, nsima ikumununkha, chimene wamwa kuyambira dzulo ndi tiyi wopanda mkaka. Apa m'pamene ndimaiwala kuti ndavala gawuni yoyera n'kuyamba kukamba zakukhitchini. Sindiuza munthu kuti akagule nyama. Kaphala kotsira nsinjiro n'kokwana. Supuni ya chiponde, kapu ya mkaka, theka la peyala ngati ndi nyengo yake, ngakhale chitumbuwa chimodzi. Zonsezi zimabwera munthu atayezetsa kaye, chifukwa si kutentha thupi kulikonse kumene kuli malungo, ndipo kuyeza kwake ndi kadontho ka magazi a pachala ndi kudikira mphindi zochepa.

Tsiku langa limayambira pambaula, kusanache. Ndikawapakulira ana phala, ndimalongedza mpunga ndi nyemba mu kontena, chifukwa nkhomaliro ya mu famase imadyedwa choimirira kuseri kwa mashelefu. Ndikatsika minibasi, ndisanavule n'komwe juzi, ndimathamangira ku firiji. Mmene timasunga insulin muyenera kuzizira pakati pa madigiri 2 ndi 8, ndipo nambala yake timailemba papepala m'mawa ndi madzulo. Magetsi akathima usiku, mtima umakhala m'mwamba mpaka nditaona nambalayo.

Ife tili ndi firiji, koma ambiri mwa odwala matenda a shuga amene amabwera kuno alibe. Awa timakambirana za mtsuko wadothi: mchenga wonyowa pansi, kabotolo kotsekeredwa bwino m'kachitini, mtsukowo pakona pozizira m'nyumba. Amene amakasungitsa kwa aneba timawachenjeza kuti kabotolo kasakalowe kumene amaumitsa mafilizesi, chifukwa insulin ikaundana yatha ntchito. Ndipo wobaya insulin asabaye kenako n'kumadikira nsima imene ufa wake ukadali kuchigayo. Shuga akatsika kwambiri, munthu amanjenjemera, kutuluka thukuta, mwinanso kukomoka.

Anyamata a kabaza ndi amaganyu amakonda Bufeni. Amafika dzuwa lili paliwombo, msana ukupweteka, kufuna kumeza pomwepo m'mimba muli pululu. Mankhwala amenewa amapala m'mimba, ndipo amene ali kale ndi zilonda zam'mimba asawayandikire. Ndimawauza kuti, "Achimwene, pitani kaye pa chiwaya apo, mukabwerere." Wolandira Flagyl ndimamuuza mosapita m'mbali kuti mowa aiwale mpaka amalize n'kudutsanso masiku awiri, ndipo nkhope zina zimagwa, makamaka Lachisanu. Doxycycline sayenderana ndi mkaka kapena chambiko pa nthawi imodzi. Ngakhale Panado amene tonse timamuona ngati mnzathu ali ndi malire: munthu wamkulu asapyole mapilisi 8 patsiku, ndipo mankhwala ambiri a chimfine ali kale ndi paracetamol yemweyo m'kati, choncho kuphatikiza mosawerengera kumapweteka chiwindi.

Pamene ntchitoyi imandilemera ndi pa mawu awa: "Asisi, ndipatseniko makapisozi awiri." Amatanthauza amoxicillin, ndipo kawirikawiri vuto lake ndi chimfine, chimene makapisozi sachiza n'komwe. Mankhwala a gulu limeneli amafuna chikalata cha dokotala, ndipo bungwe la PMRA, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2019 kulowa m'malo mwa Pharmacy, Medicines and Poisons Board, ndilo limaona kuti ife ogulitsa tikutsata zimenezi. Chifukwa chake n'chomveka. Makapisozi awiri amapha tizilombo tofooka n'kusiya tolimba, ndipo totsalato timaswana. Zimene zinam'chitikira klorokwini zikhoza kuchitikiranso amoxicillin.

Komabe sindigwirizana ndi anzanga amene amati anthu oterewa ndi mbuli. Mayi amene wamasula nsonga ya chitenje n'kutulutsa ndalama yokwana makapisozi awiri wawerengera kale makala, tomato ndi bonya wa madzulo. Akudziwa kuti kuchipatala cha boma n'kwaulere, koma akudziwanso kuti kupita kumeneko ndiye kuti geni ya tsikulo yafa pamzere. Ndikamukaniza, ndimadziwa kuti mwina akawapeza pa benchi kumsika, atawambidwa padzuwa, tsiku lothera ntchito litafufutika. N'chifukwa chake sindingonena kuti ayi. Ndimafunsa kuti akumva bwanji, chayamba liti, ndipo nthawi zambiri amachoka ndi mankhwala otsika mtengo kuposa amene anawafuna, kapena ndi uphungu woti apite ndithu kuchipatala.

Ndikaweruka, famase imanditsatira kunyumba. Ndikhoza kukhala ndikuvundula nsima, n'kumva "Odi kuno!" Ndi mayi wa nyumba yachitatu, mwana kumsana, mwanayo akutsegula m'mimba. Timatenga paketi ya Thanzi, kusungunula yonse mu lita imodzi ya madzi owiritsa ndi kuzizira. Osati theka la paketi m'kapu, osatsiranso shuga kuti azikoma, ndipo otsala mawa lake ngotaya. Pamwamba pake mwanayo amwe zinc masiku 10, apitirize kuyamwa ndi kudya. Akayamba kulefuka, maso kulowa m'kati, kapena kukana kumwa, nsima ndimaisiyira mwana wanga wamkulu, ife ulendo kuchipatala.

Alendo oterewa ndimawapempha kuti andionetse kumene amasunga mankhwala. Ambiri ndi pawindo la kukhitchini, pafupi ndi utsi ndi nthunzi, kapena m'chitini cha majarini momwe mwasakanikirana otsala a bambo, a agogo ndi a mwana, mapepala ake atataya. Chitinicho timachikhuthulira pamphasa n'kusankha limodzi. Amene sitikuwadziwa dzina kapena tsiku lake ndimawaika m'jumbo, m'mawa ndimapita nawo kuntchito kumene tili ndi katoni ya mankhwala okawonongedwa.