Chidindo chimene chimaperekeza uthenga pa intaneti

Wogula mayuniti a ZESCO ku Nabvutika amadziwa kuti akaphonya nambala imodzi yokha mwa 20 za tokeni, mita imakana kwamtuwagalu. Sikuti mitayo imalosera ayi. M'kati mwa tokeni muli kachigawo kowerengedwa kuchokera pa manambala enawo. Mita imabwereza samu yomweyo, ndipo mayankho akasiyana, malaiti sayaka.

Pa intaneti nzeru ndi yomweyi, kungoti samu yake ndi yolimba koposa. Pulogalamu ya pafoni ikamatumiza fayilo kwa seva, imatha kuwerengera zonse zili m'fayiloyo n'kupeza kamzere kakafupi ka manambala ndi zilembo kotchedwa digest. Njira ya SHA-256, yomwe bungwe la ku America la NIST linafalitsa mu 2001, imatulutsa zilembo 64 basi, kaya watumiza liwu limodzi kaya filimu yathunthu. Ukasintha kadontho kamodzi, kamzere konse kamasinthiratu. Kamzereka kamalembedwa pamutu pa uthenga, pamalo otchedwa header, ndipo seva ikalandira imawerengeranso yokha. Netiweki ikadukiza panjira, monga imachitira kwathu kuno mvula ikagwa, fayilo yoduka imadziwika pompo.

Poyamba ankadalira header yotchedwa Content-MD5, yokhazikika pa samu ya MD5 imene Ronald Rivest anakonza mu 1991. Mu 2004 Wang Xiaoyun wa ku China ndi anzake anaonetsa kuti n'zotheka kupanga mauthenga awiri osiyana okhala ndi digest yofanana, ndipo chikhulupiriro pa MD5 chinachepa kwambiri. Content-MD5 inachotsedwa m'malamulo a HTTP, oyendetsera mauthenga a pa intaneti, mu 2014. Mu Febuluwale 2024 bungwe la IETF linatulutsa chikalata cha RFC 9530, chobweretsa header yatsopano ya Content-Digest, yomwe imavomereza SHA-256 ndi SHA-512.

Koma tisanamizane, digest payokha sigwira mbava. Imagwira ngozi zapanjira, osati chinyengo. Munthu amene watha kulanda uthenga n'kusintha K50 kukhala K500 akhozanso kuwerengera digest yatsopano n'kuiika pamutupo, seva n'kulandira mosakayika, pakuti samuyo si yachinsinsi. N'chifukwa chake uthenga wa ndalama uyenera kuyenda pa HTTPS, yomwe imabisa mutu ndi thunthu lomwe. Makampani ena amasainanso mutuwo ndi kiyi yachinsinsi, motsatira RFC 9421 yomwe inatuluka mwezi womwewo, kuti wosintha digest alephere kusainanso.